Akachotsa Matumba M'maberemu, Khungu Lidzabwerera?

Aphungu,

Ndine mayi wa zaka 44, ndimasamalira okalamba kuno ku Maryland. Zaka khumi ndi ziwiri zapitazo ndinaikitsa matumba a silikoni m'mabere. Kwathu sadziwa. Nditapita ku Ntcheu, azakhali anandiyang'ana pachifuwa n'kunena kuti, "Amereka wakuyanja, mwanawe." Ine ndinangothokoza.

Tsopano bere lakumanzere lauma gwa, limapweteka ndikamadzutsa odwala, ndipo adokotala akuti achotse matumba onse awiri mwezi wamawa. Mpeni sindikuuopa. Chikundizunguza n'chakuti, akadzamasula bandeji ndidzaona chiyani? Khungu lotamuka zaka zonsezi limabwerera?

Mnzanga wa kutchalitchi, Norah wa ku Chipata, akuti, "Usavutike iwe, nizakuthowa na madzi otentha monga wabereka lero, vonse vizabwerera." Zoona zimenezi?

L.K., Hyattsville

A L.K.,

Azakhali anuwo diso ali nalo, angophonya dzina la sitolo.

Zoona zake n'zakuti masabata oyamba galasi silidzakusangalatsani. Mabere adzaoneka ophwa, ogwa, mwinanso amakwinya, ngati chikwama chomwe mwakhuthula paulendo. Musaweruze mlandu masiku amenewo. Khungu limadzikoka pang'onopang'ono, miyezi isanu ndi umodzi, kwa ena chaka chathunthu. Koma mabere a mtsikana wa zaka 32 uja musawadikire. Msinkhu, kukula kwa matumbawo, komanso ngati munayamwitsa, zonsezi zili ndi mawu pankhaniyi.

Musanagone pabedi la opaleshoni, afunseni adokotala akuonetseni zithunzi za amayi a khungu ngati lanu. Funsaninso za opaleshoni yokweza mabere, yomwe ena amachitira pomwepo, ena amayamba aona kaye. Ngati kwanu zipsera zimatupa, kaya ndi za ndolo zomwe, nenani msanga.

Kuntchito pemphani tchuthi chenicheni. Ndimakudziwani anthu a mashifiti awiri inu: pasanathe sabata mwayamba kale kunyamula gogo wa eni. Musanyamule cholemera mpaka adokotala atalola, ndipo kamisolo yomwe adzakupatseni muziivala, ngakhale ndi yonyansa.

Tsono za a Norah. Mtima ali nawo wabwino, koma ayi. Kuthowa sikufupikitsa khungu, ndipo pamalo pochekedwa pamachita dzanzi. Mungapse mpaka matuza inu mukuseka nawo nkhani, osamva kanthu, chipsera cha moto n'kukhala pamwamba pa cha mpeni. Akabwera ndi ketulo yawo alandireni bwino, muwasonyeze pamene pamakhala masamba a tiyi.

Aphungu