Gernot Haberkorn Sanali Chigawenga

Kwa Mayi Irmtraud Haberkorn, mwana wawo Silke ndi onse akubanja, komanso kwa anthu onse a mumzinda wa Koblenz,

Ife a Ofesi Younika Chuma ndi Zida za Maiko a Kum'mawa, ofesi imene dzina lake likutchulidwa poyera koyamba lero, tagwidwa ndi chisoni chosaneneka chifukwa cha imfa yoopsa ya mnzathu ndiponso mphunzitsi wathu pantchito, Bambo Gernot Haberkorn, amene adang'ambidwa ndi bomba Lamulungu lapitali masana, m'chipinda chapansi cha nyumba yosanja imene ankakhalamo. Tikulemba ndi misozi, koma tisakubisireni, tikulembanso ndi mkwiyo, pakuti malemuwa aphedwa kawiri: koyamba ndi amene adawatumizira bombalo, kachiwiri ndi malilime a anthu amene iwo adawapulumutsa.

Mwambo wa ofesi yathu ndi wouma mtima. Mnzathu akamwalira sitilira poyera, sitilemba uthenga, ndipo kumanda sitipondako, chifukwa nkhope yooneka pamaliro a mmodzi wa ife imajambulidwa, chithunzi chake n'kukafika kwa adani athu, kutsidya kwa waya waminga wa m'malire, sabata isanathe. Timangomwa khofi chilili, wina n'kuchotsa chipewa cha malemu pamsomali, basi. Ine Ulrich Demmel, mkulu wa ofesiyi, ndauthyola mwambowu mwadala, ndikudziwa bwino lomwe kuti mpando wanga ndautaya ndiponso kuti mwina ndikayankha kubwalo la milandu. Zimenezo zichitike. Chimene sindingalole n'chakuti munthu ameneyu akwiriridwe ngati galu wachiwewe, mkazi wake akugendedwa.

Inu anansi awo munkawadziwa ngati wokonza mawailesi wokonda kutola zinthu zachabechabe. Ntchito yawo yeniyeni inali yolangiza boma lathu za mphamvu ya maiko a chikomyunizimu: chimene mafakitale awo angapange, chimene anthu awo akudya, ndi kutalika kwa ulendo umene asilikali awo angayende nkhondo itabuka. Adabadwira komweko, ku Saxony, ndipo ali mnyamata ankagwira ntchito m'fakitale ya mathirakitala. Antchito atanyanyala, apolisi akumeneko adawagwira, adawagulula mano ndi thendere la mfuti, zala zawo n'kuziphwanyira pachitseko chimodzichimodzi kuti atchule anzawo. Sadatchule munthu. Adafika kuno ndi zala zokhota zija, ndipo ndi zala zomwezo adatumikira dziko lino mpaka imvi zidawamera.

Ziwerengero zimene maboma akum'mawa amalengeza sankaziyang'ana n'komwe. "Boma limanama, achimwene," ankatero, "lathu lomwe limanama. Koma jombo sinama." Tsono ankaitanitsa katundu wakumeneko kudzera mwa oyendetsa malole ndi amalinyero: jombo za asilikali, nyama ya m'zitini, mababu, sopo, zitsulo za mathirakitala. Jombo ankaivala pamvula, nyama ankaidya, chitsulo ankachicheka n'kuchinunkhiza. Pamene akuluakulu a nkhondo ankanjenjemera ndi kuchuluka kwa akasinja a adani, iwo adaonetsa kuti ambiri ali chigonere m'mashedi posowa zipangizo. Pamene ena ankaseka kuti kumeneko kuli njala yokhayokha, iwo adachenjeza kuti chitsulo chabwino chasowa m'mapoto ndi m'njinga, ndipo chitsulo sichisowa pachabe, chapita kokapanga mizinga. Ndipo pamene a ku Moscow ndi a ku Peking ankatuluzirana mano, iwo ndiwo adayamba kutiuza kuti asilikali akusamutsidwira kumalire ozizira a maiko awiriwo, poona kuti nsapato zofunda zatha m'misika.

Choonadi chotere sichikoma m'makutu mwa aliyense. Tsiku lina mkulu wina wa asilikali, amene ankafuna akasinja atsopano, adawagwira pakhosi pamsonkhano mpaka mabatani a malaya adathothoka.

"Kodi iwe ndiwe wathu kapena ndiwe wawo?" adafunsa mkuluyo, thovu lili kukamwa. "Ukufuna tigone tulo kuti adzatiphe tili m'mabulangete?"

A Haberkorn adadikira kuti awasiye. Kenaka adavula jombo yakum'mawa imene anali atavala, adaiika patebulo pakati pa makapu, n'kuing'amba kuphazi ndi zala zawo zokhota zija. M'kati munali makatoni onyowa.

"Bwana, msilikali wovala ichi akafika kumtsinje wathu wa Rhine ali chosavala. Opani mizinga yake, mapazi akewa musawaope. Tsopano mundibwezere mabatani anga, akazi anga akandifunsa."

Mayi Haberkorn, inu simudauzidwe chilichonse cha izi, koma ntchitoyi mudaigwira nawo osadziwa. Amuna anu anali ndi lamulo lawo, loti katundu ayesedwe pamalo pamene amagwirira ntchito: sopo kubafa, poto pamoto, wailesi kukhitchini. Ankatisimbira kuofesi, akuseka mpaka kutsokomola, mmene munkadandaulira. "Bambo a Silke, sopo uyu watisupula khungu. Kodi umphawi wathu wafika pamenepa?" Iwo n'kuyankha kuti, "Pirirani, mayi. Mawa ndibweretsa wa ku Romania, ameneyo ndiye mulira." Tonse tinkaudziwa mchitidwe umenewu ndipo tinkaunyadira. Adani athu nawonso adaudziwa.

Tsopano mverani, anthu a ku Koblenz, zimene zidachitika Lamulungu lija, monga Mayi Haberkorn adafotokozera apolisi koma osakhulupiriridwa, ndiponso monga akatswiri athu atsimikizira.

Phukusi lidafika kudzera njira yanthawi zonse, ndipo m'kati munali wailesi yatsopano yakum'mawa. Inali nthawi ya khofi. Keke ya maula inali patebulo, Silke anali atabwera kudzacheza ndi khanda lake, ndipo a Haberkorn, pokondwa ngati mwana, adaika wailesiyo pambali pa mbale n'kupotokola kabatani kake. Sidalankhule. M'malo mwake china chake chidalira m'katimo kuti kete, n'kuyamba kugunda pang'onopang'ono. Iwo adainyamula, adaiyesa m'manja kulemera kwake, ndipo nkhope yawo idasintha.

"Mayi, wailesi iyi ikulemera."

"Ndiye kuti ulendo uno mwagula yabwino," adatero mayi, akudula keke.

"Ayi. Anthu aja sapatsa munthu chitsulo chaulere. Gonani pansi nonse, mwanayo mum'fungatire."

Galu wamkota sakandira pachabe. Munthu amene adakhala moyo wake wonse akunyamula zinthu zakumeneko adadziwira m'manja chimene wanyamula. Adathamangira pazenera loyang'ana kubwalo kuti aiponye, koma pansi pake ana anu ankasewera mpira. Pazenera lakumsewu panali anthu akuyenda ndi mabanja awo, atavala za Lamulungu. Padatsala malo amodzi okha, chipinda chapansi chija cha chitseko chachitsulo, mmene ambiri a inu mudabisalamo ndege zikuponya mabomba nthawi ya nkhondo. Adaikumbatira wailesiyo pachifuwa, n'kutsika masitepe akuthamanga, munthu wamkulu wa mawondo odwala.

Pamasitepe adakumana ndi Bambo Lorenz Pfahl, woyang'anira nyumbayo, akukwera ndi ndowa ya malasha. A Pfahl adaima pakati n'kuyamba kuwapatsa moni. Nthawi ya moni panalibe. A Haberkorn adawakankha ndi phewa, nkhalambayo idagubuduzika ndi malasha ake, mkono n'kuthyoka mpaka fupa lidatulukira kunja. Iwo adawalumpha osacheuka, adalowa m'chipinda chapansi, adakoka chitseko chachitsulo chija n'kuchitseka ali m'kati.

Nyumba yonse idadumpha. Magalasi adasweka mpaka nyumba zoyandikana, mapaipi a madzi adaphulika, fumbi lidakwera masitepe ngati utsi wa uvuni. Chitseko chidapindika ngati chivundikiro cha poto, koma sichidagwe. Ozimitsa moto atachidula adapeza makoma ali magazi okhaokha, ndipo chimene chidatsala cha mnzathu adachitolera m'nsalu imodzi. Mayi Haberkorn adazindikira amuna awo ndi dzanja lamanzere, chifukwa cha zala. Kupatula iwo, m'nyumba monsemo simudafe munthu, ngakhale mphaka.

Tikudziwa kuti dziko lino lili m'mantha masiku ano, zigawenga zikuwombera anthu m'misewu ndi kuba anthu masana. Choncho a Pfahl, ali pamachira, atanena kuti adaona a Haberkorn akuthamanga ndi bomba m'manja, ndipo apolisi atapeza m'nyumba mwawo jombo za asilikali akum'mawa ndi zitini za zilembo zachilendo, nkhani idapsa yokha. Nyuzipepala zina zidalemba kuti chigawenga chadziphulitsa ndi bomba lake lomwe. Kandimverere adakanena za m'maluwa. Palibe adafunsa chifukwa chimene munthu wofuna kupha anthu angadzitsekerere yekha m'dzenje.

Zimene zidatsatira mukuzidziwa, anthu a ku Koblenz. Mazenera a kwa a Haberkorn amene bomba lidawasiya mudawaswa ndi miyala. Pachitseko pawo mudathira utoto wofiira. Lachiwiri m'mawa, mayi wamasiyeyu atapita kukagula buledi, amayi anzake amene akhala akugawana nawo mchere adam'lavulira, adam'koka tsitsi mpaka kum'gwetsa, ndipo mwamuna wina adam'menya ndi botolo la mkaka pamphumi, anthu akuonerera. Silke mudam'thamangitsa pabwalo, ngolo ya khanda lake n'kuigubuduzira m'ngalande, pabwalo lomwelo pamene ana anu akusewerabe lero ndi miyendo yawo yonse. Onyamula bokosi akana ntchito, ndipo abusa alandira mawu akuti akatsegula tchalitchi chiotchedwa.

Dzulo ndidapita kumsewu wanu, ndidaima kutsidya ngati munthu wongodutsa, monga mwambo wathu umalolera. Mayi Haberkorn ankasesa magalasi pakhomo, mutu uli womanga ndi bandeji, diso limodzi litatupa. Adandiona ndikuwayang'ana, ndipo posandidziwa adatsamira tsache lawo n'kunena mofatsa:

"Ngati mwabwera ndi mwala, bambo, ponyani msanga, ndisesere pamodzi."

Ndidabwerera kuofesi, ndidasonkhanitsa anzanga onse n'kuwauza mawu amenewa. Palibe adatsutsa zoti uthenga uno ulembedwe.

Kwa inu a Pfahl, tikuti pepani ndi mkonowo, ndipo sitikusungirani chakukhosi, pakuti mudanena zimene maso anu adaona. Koma dziwani kuti phewa lija ndilo lakusiyani ndi moyo, ndipo pakamwa pamene padayatsa moto pomwepo pangathe kuuzimitsa. Kwa inu amene mudaponya miyala, sititchula maina, ngakhale kudziwa maina ndi ntchito yathu. Kayang'aneni ana anu, muwagwire mitu, kenaka mudzifunse nokha.

Kwa inu amene mudamanga bombalo, kulikonse kumene mukuwerengera uthenga uno, pakuti tikudziwa kuti muuwerenga: zidutswa zonse tazitola, kanthu kalikonse mpaka timisomali. Munthu amene mwamuphayu adatiphunzitsa kuwerenga chitsulo. Tidzadziwa fakitale, tidzadziwa benchi, tidzadziwa dzanja limene lidalumikiza mawaya, ndipo mlandu suola.

Mayi Haberkorn, Silke ndi nonse akubanja, m'malo mwa onse ogwira ntchito mu ofesi ino, amene akugwirabe ndi amene adapuma, ndikupereka chipepeso chochokera pansi pa mtima. Tilibe mawu okwanira kubweza mwamuna, bambo ndi gogo amene mwataya, ndipo sitiyesera kutero. Tikupempha Mulungu wa amasiye kuti akupatseni mphamvu m'masiku owawa ano, apoletse mabala a m'thupi ndi a mumtima, ndipo khanda limene lidagona pansi pa tebulo lija lidzakule likudziwa kuti agogo ake adatsika masitepe aja chifukwa cha iye. Mzimu wa Bambo Gernot Haberkorn uuse mumtendere.

Maliro adzachitika Lachisanu m'mawa. Popeza onyamula bokosi akana, adzukulu tidzakhala ndife. Tidzabwera tonse, amuna ndi akazi amene takhala tikubisa nkhope zathu moyo wathu wonse, tidzavula zipewa, ndipo tidzayenda ndi bokosilo pamapewa kuchokera pakhomo panu, kudutsa pogulitsira buledi paja, mpaka kumanda. Wofuna kujambula ajambule. Wokhala ndi mwala ayambire ife.

Mayi, munthu uja mudamuuza kuti aponye msanga ndine. Lachisanu mudzandipeza kutsogolo kwa bokosi, kudzanja lamanja. Tsache lija mulisiye pakhomo, magalasi otsalawo tidzasesa ndife.

Ine wanu pachisoni chino,

Ulrich Demmel
Mkulu wa Ofesi Younika Chuma ndi Zida za Maiko a Kum'mawa
Koblenz, Novembala 1977