Ntchentche Ziwiri pa Mbale

Lachiwiri, 14 Okutobala 1941, ku Madzimoyo

Kwatentha tsiku lonse, ndipo mtima wanga suli m'malo. Bambo a Tereza afika masana kuchokera ku Malambo, kumene akhala mwezi wathunthu akugula nsomba zouma. Powalandira njinga ndaona ntchentche itakakamira pamsana pa malaya awo. Nditaimenya yatuluka magazi.

Iwo akuti, "Ndi ntchentche chabe, amake Tereza, musavutike."

Ndapha ina kukhola, n'kuziika zonse ziwiri pa mbale. Ya kukhola mapiko ake ndi otambasuka, ndipo kamlomo kake n'kofewa, konyambitira. Ya ku Malambo mapiko ndi osanjikizana ngati sizasi yotseka, mlomo wosongoka ngati singano. Ndi kashembe ndithu. Asisitere anatiphunzitsa kuti ameneyu saikira mazira pandowe ngati mnzakeyo, amabereka mphutsi imodzi, ndipo ndiye amapatsa anthu kaodzera, matenda amene anapha amalume.

Nditawaumiriza bambo a Tereza, avomera kuti zawaluma kangapo, komanso kuti analambalala chipata chimene amachotserapo ntchentchezi pa apaulendo, poopa kuchedwa.

Dzuwa lisanalowe ayamba kuodzera pampando, chikho cha thobwa chili m'manja. Ndawaitana kawiri asanayankhe. Mwina ndi kutopa kwa ulendo. Mwina.