Anditsekera Pamodzi ndi Nkhuku Yodwala

Achimwene,

Kabatani watentha thupi ndipo akupuma mobanika, koma apongozi anditsekera naye m'chipinda chosungira chakudya cha nkhuku, loko ali kunja. Akuti sindituluka mpaka nkhuku zawo zitagulidwa. Ndikuopa kuti mwanayu sadikira zimenezo.

Pepani ndayamba ndi zoopsa ndisanakupatseni moni. Muli bwanji kumeneko? Alamu ndi ana ali bwanji? Nanga mwendo wa amayi uja unaphwa? Ine thupi lili bwino, mtima ndiye uli m'malere. Pepalali ndang'amba pa thumba la chakudya cha nkhuku, ndiye musadabwe likununkha.

Mukudziwa kuti apongozi amaweta nkhuku kuseri kwa nyumba. Pali thadzi lina lofiira, lalikulu, timalitcha Adona chifukwa limadya loyamba. Apongozi amalinyamula pachifuwa, pamene mdzukulu wawo sanamuberekepo kumbuyo chibadwire.

Tsiku lina m'mawa ndikusesa m'khola ndinapeza Adona ali pakona, nthenga zitafufuma, mchira uli pansi. Akadzuka ankayenda chokhwekhwereza ngati munthu wosenza ndowa yodzaza. Ankalowa m'chisa, kutuluka, kulowanso, koma osaikira.

Ndinangoyankhula ndekha kuti nkhukuyi yatopa. Mlamu wanga, mchemwali wa bambo a Kabatani, anali pampopi akutsuka mano. Anathamangira m'nyumba thovu lili kukamwa, akuuza mayi ake kuti alamu akuti chitopa chalowa m'khola.

Achimwene, ine ndinati yatopa. Chitopa sindinachitchule.

Apongozi anatuluka osavala nsapato. Anandifunsa kuti matendawo ndawadziwa bwanji anthu onse asanawaone, ngati sindine ndawabweretsa. Anati ndinabwera nawo kumapazi nditapita kukaona amayi, poti kwathu chilichonse chimafa, nkhuku, agalu, ngakhale abambo athu. Mawu amenewa ananena mwamuna wanga ali pomwepo akupukuta nsapato zake. Sanadzutse mutu.

Pofuna kuzimitsa moto ndinati ngati akuopa, yodwala timaipatula kuti isapatsire zinzake. Anati ndanena bwino, dokotala. Anaika Adona m'chipinda chino, n'kundiuza kuti ndizikhala momwemo ndikuwasamalira, ndipo akafa, nanenso ndinyamule katundu, koma mwana ndisiye.

Poyamba chitseko chinali chotsegula. Kabatani atayamba kutsokomola ndi kutentha ndi pamene anabweretsa loko. Pali bambo wina wa lesitilanti amene analonjeza kugula nkhuku zambiri, koma tsiku lobwera silikudziwika. Apongozi akuti ndikatuluka ndi mwana wodwala kumsana, aneba afunsa, ndipo pakamwa panga pomwe panabala chitopa pabalanso zina, wogulayo athawa.

Nditatsala ndekha ndinawayang'anitsitsa Adona. Chitopa ndimachidziwa, ndinachiona kwathu tili ana. Nkhuku imapinda khosi, imalira pakhosi popuma, chitosi chimakhala chobiriwira, ndipo sidwala imodzi. Adona maso anali oyera, khosi lili chilili, madzi akumwa. Zinzawo kunjaku ndimazimva zikulimbirana chakudya.

Ndinawagwira ndi kuwapapasa kumunsi kwa mimba. Ndinamva chinthu cholimba, chozungulira. Linali dzira, linakanirira panjira.

Ndinapempha madzi ofunda kuti ndimusambitse mwana. Theka ndinamupukutira, theka ndinathira m'beseni n'kukhazikamo Adona mpaka m'chiuno. Ndinatenga mafuta odzola a Kabatani pachala ndi kupaka potulukira dzira, pang'onopang'ono kuti lisasweke mkati. Kenako ndinawapukuta, kuwaika m'katoni ndi kufunditsa nsalu yanga.

Ankakankha, kupuma, kukankhanso, kukamwa kuli yasa. Ndinakumbuka mmene ndinalili pobereka Kabatani, ndipo ndinapezeka ndikuwalimbikitsa ngati mnzanga. Dzira linatuluka, lalikulu, lili ndi timagazi. Adona anadzikung'untha, n'kuyamba kujompha thumba la chakudya.

Ndinaitana apongozi ndikuseka, misozi ili m'maso. Ndinawaonetsa dzira pawindo, ndinati onani, si chitopa, titsegulireni tipite kuchipatala.

Anatsegula. Analandira dzira, ananyamula Adona, akuwafunsa kuti avutika bwanji mayi wawo. Ine ndili pakhomo mwana kumsana, anandikankha pachifuwa ndi chigongono n'kutsekanso. Anati matenda satha, amangosamuka. Atuluka mwa nkhuku yawo, alowa mwa mwana wanga, ndiye yodwala timaipatula, si ndinanena ndine?

Dzira lija anakazingira mwana wawo, bambo a Kabatani. Fungo linkalowa muno. Iye atadya anabwera pawindo, nandiponyera piritsi limodzi lopanda pepala, akuti ndimugawire mwana. Ndinamugwira dzanja kudzera m'zitsulo za pawindo, ndinamuuza kuti amvere mmene mwana wake akupumira. Anati ndisamuchititse manyazi, ndimvere amayi, ndi masiku ochepa chabe. Anachotsa zala zanga chimodzichimodzi.

Mlamu wanga akamadyetsa nkhuku amaponyanso chimanga pawindo langa, kundiitana mmene amaitanira nkhuku. Amandifunsa ngati lero ndaikira.

Musaganize kuti sindinakuwe. Ndinakuwa mpaka mawu anatha. Apongozi anakweza wailesi, ndipo aneba atabwera anawauza pageti kuti mutu wanga sukuyenda bwino chiberekereni, akundisunga kuti ndisataye mwana m'chitsime. Ndinamva anebawo akuwapepesa, akuti ali ndi mtima wabwino.

Lero Kabatani wakana bere. Akamapuma, pansi pa nthiti pakulowa mkati. Kulira kwasiya, akungondiyang'ana. Nkhuku ndinaipapasa ndikupeza chovuta. Mwanayu ndamupapasa paliponse, sindikupeza choti ndingachotse ndi chala.

Kalatayi ndapatsira mayi wogulitsa makala amene amadutsa kanjira ka kuseri. Akuopa kulowerera za banja la eni, koma avomera kufika nayo kumene mumawotcherera zitsulo. Muwathokoze.

Amayi musawauze, angadzuke ndi mwendo uja. Mungowapatsa moni wanga, pamodzi ndi alamu ndi ana. Mulungu akusungeni nonse.

Koma inu nyamukani mukangomaliza kuwerenga, ngakhale chitsulo chili pamoto. Tengani chodulira chanu chija, lokoyu ndi wamkulu. Mukafika akulandirani bwino, akupatsani mpando, akufunsani za kunyumba mmodzimmodzi, atereka tiyi. Musakhale pansi, achimwene. Musayankhe moni. Pitirirani kuseri, chitseko chachitsulo choyandikana ndi khola. Mukapanda kumva mawu anga musabwerere, mawu anditha. Dulani basi.

Bwerani lero.

Ndine mlongo wanu,
Make Kabatani