Galu wa Malemu Wasiya Kudya

Mlongo wanga,

Landirani moni. Kodi mwendo uja wapola? Ine ndilipo, ntchito ya pageti ndikugwirabe.

Ndalemba chifukwa cha galu amene malemu mwana wanga anasiya. Inu simunamuonepo. Akaimirira, msana wake umandifika m'chiuno, mutu wake ngati ndowa. Malemu ankati mtundu umenewu unachokera kumapiri ozizira, kumene unkalondera nkhosa. N'chifukwa chake kutentha kwa kuno kumamuzunza. Ndimamupesa ubweya m'mawa, ndipo madzi ndimamuikira m'beseni lochapira, popeza mbale wamba amangoigubuduza.

Anthu amamuopa pachabe. Ana a eninyumba amamukoka makutu, iye n'kumangoyasamula. Amayi ogulitsa makala amamutcha mkamwini wanga, ati kudya amadya kwambiri koma ntchito ayi. Kale mawu amenewa ankandikwiyitsa. Lero ndikanakonda akanakhala oona.

Chiikire maliro, amangogona pakhomo pa chipinda cha malemu. Galimoto ikaima pamsewu amadzutsa mutu, kenaka amaubweza pansi. Nthiti zayamba kuonekera. Dokotala wa ziweto anamupima ndipo anati matenda sanawapeze, koma agalu aakulu chotere sakhalitsa, akasiya kudya amatha msanga. Anandifunsa ngati m'nyumba mwatsala chovala cha mwini wake choti azigonapo, ati nthawi zina fungo limawakhazika mtima pansi. Ndinayankha kuti mulibe. Zonse anapita nazo mpongozi pobwerera kumudzi ndi mdzukulu wanga, ndipo anayenera kutero.

Pempho langa ndi limodzi. Mukaonane ndi mpongoziyo, mukamupemphe jekete limene mwamuna wake ankavala kuntchito. Mukalankhule naye mofatsa, ndipo musakamubisire kuti ndi la galu. Akakana musakamukakamize, nayenso mtima wake ndi chilonda. Akalola, mulitumize pa basi, ndikalilandira ndekha kudepoti.

Mwina mudzaseka kuti nkhalamba yayamba kulirira chiweto. Sekani. Koma akafa ameneyu, m'nyumba muno ndidzatsala ndekha wodzutsa mutu galimoto ikaima.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa azakhali ndi kwa ana anu onse. Mdzukulu wanga mumuuze kuti asajombe kusukulu.

Jeketelo musalichape.

Tsalani mumtendere,
Ine mlongo wanu.