Kamwala ka M'botolo

Lolemba, 4 Ogasiti 1986
Zayambanso. Kukodza ngati ndikutulutsa minga. Timadontho tokha, kenako kutseka. Lero ndi magazi pang'ono. Ndakhala kubafa mpaka Esnart wasasa mawu ndi kulira. Miyezi inayi yokha mwanayu. Ndaganiza, ndikapanda kumwa sindikodza. Kuyambira lero madzi kapu imodzi basi.

Lachisanu, 8 Ogasiti
Ndinapita kwa bambo uja amabaya anthu jekiseni kunyumba kwake. Kundiyeza ayi, mafunso okha. "Amuna anu amagwira kuti?" Ndati kuesiteti ya tiyi ku Thyolo, amabwera pakutha pa mwezi. Agwedeza mutu, akuti chinzonono. Ine? Mwambo wotenga mwana sitinachite, amuna anga a Frackson amagona pamphasa yawoyawo chibadwire Esnart. Pabenchi panali amayi awiri a kumudzi kwa apongozi. Amva zonse. Mawa nkhaniyi ifika pamsika wa Mbulumbuzi.

Lachitatu, 13 Ogasiti
Jekiseni sanathandize. Mawere afota. Esnart kuyamwa, kusiya, kulira. Khosi lawonda, liwombo lalowa. Apongozi atulukira masana, amunyamula, amutembenuza uku ndi uku. "Ili ndi tsempho. Alipo wamusempha mwanayu." Osandiyang'ana n'komwe. Amayi anga kumangosenda nandolo. Sindinayende ndi mwamuna aliyense, Mulungu akudziwa. Koma amve ndani?

Lamulungu, 17 Ogasiti
A Frackson abwera, anawatumizira uthenga. M'nyumba sanalowe, akhala pansi pa mango. "Ellina, ungotchula dzina, mwana amwe mankhwala asanatisiye." Dzina la ndani? Ankhoswe akumana Loweruka. Ndikapanda kuulula akuti banja latha. Ndatopa. Kulira ndalira, misozi osatuluka.

Lachinayi, 21 Ogasiti
Ndikulemba ndili pabedi, chipatala cha kuboma. Lachiwiri mkodzo unatsekeratu, chinena kutupa gwa. Amalume a Alufeyo anandikweza panjinga, amayi pambuyo wapansi, mwana kumsana. Anamwino, a Albertina, anayesa kulowetsa kapaipi, kanakana. Atayesa kachitsulo ndinamva ndekha, khe! "Mayi, uwutu ndi mwala, watseka njira ya mkodzo." Anandijambula. Adokotala anandionetsa kadontho koyera pachithunzi. Dzulo mankhwala a dzanzi, kenako anakakoka ndi kopanira. Kofiirira, kokhakhala, kukula ngati njere ya nandolo. Kanthu kameneka!

A Albertina anandikalipira za madzi. "Kapu imodzi, chonsecho mukuyamwitsa? Mwala umakonda thupi louma. Nanga mkaka uchokera kuti?" Ndiye mwana ndimamuwondetsa ndine. Ndi ludzu, osati ndi mwamuna.

Ndawapempha kamwalako. Aseka, andiikira m'kabotolo ka jekiseni.

Loweruka, 23 Ogasiti
Ankhoswe pakhonde, mbali zonse ziwiri. Ndinaika kabotolo pamphasa, pambali pake kalata ya adokotala. A Frackson anawerenga kawiri, kenako kugwedeza kabotolo pakhutu, khe khe khe. Apongozi akuti, "Mwala sulowa wokha m'thupi, alipo anauika." Amalume osachedwa, "Dzana chinali chigololo, lero ndi ufiti. Mawa mutibweretsera chiyani?" Wina anatsokomola. Anthu anayamba kufuna nsapato zawo. Mlandu watha, banja lilipo. Wopepesa palibe ndi mmodzi yemwe.

Lolemba, 25 Ogasiti
Kukodza kukuwawabe, koma mkodzo ukutuluka wonse. Dzulo makapu asanu ndi atatu, ndimawerenga. Kabotolo ndakapachika patsindwi, aliyense wolowa akaone.

M'mawa ndapeza mtsuko wodzaza, ndowanso. Sindinatunge ndine. A Frackson buluku lonyowa mpaka m'mawondo, akuti azimayi kuchitsime anawaseka mpaka kugwira nthiti. Anyamuka wa ku Thyolo. Kukhululuka sindinakhululuke. Mwina pakutha pa mwezi. Mwina.

Bulauzi yanyowa ndi mkaka mbali zonse. Esnart wadzuka, akufunafuna, ndisiye kaye