Mabvuto wafinya mawu anu m'kompyuta

Amayi, kumeneko mukukhala bwanji?

Kuno ku Chinyunyu tilipo. Mtedza wachita bwino, koma chimanga anankafumbwe achiyamba kale. Mkazi wa Mabvuto wabereka mwana wamkazi, mphuno ndi yanu yeniyeni.

Koma mwana wanu Mabvutoyo wandilakwira kwambiri. Mukuikumbukira kaseti ija tinakujambulani mukutsogolera nyimbo za amayi a kutchalitchi? Pakhomo pano ndi yokhayo inali ndi mawu anu. Anabwera kuchokera ku Lusaka atamanga tayi, n'kuitenga. Ati makaseti ndi zachikale, wailesi imatafuna tepi, ndiye akaika nyimbozo m'kompyuta ya kuntchito kwake, mmene sizingafe.

Ndinapitako kukamvera. Anandifotokozera ngati ndine mbuli, chonsecho sukulu tinaphunzira imodzi. Ati kasungidwe kake n'kapawiri. Kena kamasunga mawu onse mmene alili, koma kamadya malo. Kachiwiri kamafinya nyimbo kuti ichepe, n'kutaya zimene khutu silimva. Iye anasankha kofinya, kuti malo atsalire rumba yake. Khutu la ndani limenelo? Langa linamva. Mukumveka ngati mukuyimba mutu uli mumgolo wa madzi. Kunjenjemera kuja kwa pakhosi panu mukakweza nyimbo ya maliro, kulibe.

Munkati mbewu sasungira m'nkhokwe ya eni. Kompyutayo ndi ya abwana ake. Tsiku limene adzamuchotse ntchito, inu mudzatsala mu ofesi ya anthu osakudziwani.

Ndinamuuza kuti basi, andibwezere kaseti yanga. Apo m'pamene anaulula zimene anachita ndi kasetiyo. Poti nyimbo zasungika, anajambulirapo rumba yoti aziliza pa Khirisimasi. Amayi, timano tiwiri ta pamwamba pa kaseti, tija ukatithyola munthu sangajambulirepo, ine ndinatithyola tsiku lomwe tinakuikani m'manda. Iye anachita kumata selotepi pamabowopo. Kumeneko si kuiwala. Anakhala pansi, n'kudula selotepi, n'kumata.

Ndikudziwa mukanati chibale ndi fupa, sichiola. Lisaole, koma panopa landiima pakhosi.

Ndamva kuti ba Zulu a ku Shikabeta, aja munkayimba nawo, anakoperako kasetiyo musanadwale. Ndikukulonjezani, Loweruka ndinyamuka kukaifuna, ngakhale ndiyende wapansi kuchokera pamsewu. Ndikaipeza, Mabvuto azidzakumverani ataima panja, pawindo.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Misozi