Makatani atatu a nyumba yathu

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira kuti kalata ino ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Nanga bondo lija likukulolani kuyenda? Ine thupi lili bwino, koma mtima ndiye sukukhazikika.

Ndalemba kalata chifukwa foni yanga simukuyankha. Masabata akwana atatu tsopano. Alamu anayankha kamodzi n'kundiuza kuti mwapita kukasamba. Ndinaimbanso madzulo, akuti mudakali kosamba komweko. Ine ndakula nanu, sindinakuoneni mukukonda madzi chonchi.

Ndiyambe ndi zimene mwaziona kale ndi maso anu. Nyumba yathu ya kuseri kwa depoti kulibenso. Anaigwetsa miyezi isanu ndi iwiri yapitayo, pamodzi ndi mzere wonse, kuyambira kwa atelala mpaka kwa amayi ogulitsa tiyi aja. Eni malo anagulitsa, ife ochita lendi anatipatsa mwezi umodzi woti tisamuke. Akumangapo nyumba zinayi za nsanjika makumi awiri, zoti anthu azingotsika basi n'kulowa m'chikepe osaponda matope.

Miyezi yonseyi mukaimba foni n'kufunsa za kunyumba, ndinkati zonse zili bwino. Tsiku lina munafunsa ngati denga la kuchipinda cha malemu amayi likudonthabe. Ndinati lasiya. Pamenepo sindinaname kwenikweni, koma manyazi anandigwira.

Ndinakuuzani kuti ndapeza ntchito pa zomangamanga pafupi ndi depoti. Chimene sindinanene n'chakuti ntchitoyo ili pamalo pathu penipeni. Ndimayendetsa kireni, chimakina chachitali chija chonyamula zitsulo ndi konkire. Munkanditcha Gologolo chifukwa chokwera mitengo, lero dzina lija landikwana. M'mawa uliwonse ndimakwera makwerero kwa mphindi makumi awiri, n'kulowa m'kachipinda ka magalasi kongokwana mpando umodzi. Ndimatsika dzuwa likapendeka. Foni timasiya pansi, ndi lamulo. Wolankhula nane ndi kapitawo yekha pa kawailesi, ndipo nkhani zake ndi ziwiri basi: kweza, tsitsa.

Kumwambako ndimaona depoti yonse ngati mbale ya nyerere. Ndimadziwa basi iliyonse ndi denga lake. Ya kwanuko ili ndi chigamba chobiriwira pamwamba, imafika cha m'ma teni. Tsiku lililonse ndimaiyang'ana ikutsitsa anthu, ngakhale palibe amene ndimamuyembekeza.

Lachitatu lija, masabata atatu apitawo, ndinaona ambulera yachikasu ikutsika m'basi imeneyo. Ndinaizindikira, si ndinakugulirani ndine? Ndinazindikiranso kayendedwe kokoka mwendo wakumanzere. Munadutsa pakati pa mabasi, n'kukhotera pamene panali kanjira kathu, n'kupeza mpanda wamalata. Munabwerera, n'kuzungulira mbali ina, ngati kuti mwina mwasokera. Munazungulira kawiri, achemwali. Kenaka munakhalira chikwama chanu.

Nthawi imeneyo n'kuti ndili ndi chidebe cha konkire m'malere, pansi pake pali amuna asanu ndi atatu. Tikayamba kuthira konkire sitilekeza pakati, akauma theka ndiye kuti denga lonse lawonongeka. Ndinapempha kapitawo kuti nditsike pang'ono. Anandifunsa ngati ndadwala. Ndinati ayi, kwabwera mlendo. Iye anaseka, nati mlendoyo adikire, malole a konkire atsala anayi.

Ndinakuonani mukulankhula ndi mlonda wa pageti. Ndinamuona akuloza kumwamba. Munapendeketsa ambulera n'kuyang'ana kumene ndinali. Ndinaliza hutala katatu mpaka anthu onse a pa depoti anatukula mitu. Ndinagwedeza chisoti changa pagalasi. Sindikudziwa ngati munandiona, poti kuchokera pansi munthu amaoneka ngati kambalame. Inu simunakweze mkono. Munapatsa mlonda phukusi, n'kubwerera ku basi yomwe ija.

Pamene ndinkafika pansi, basi inali itapita kalekale. Pa foni ndinapeza kuti munaimba kasanu ndi kanayi.

Mlonda anandiuza kuti munamufunsa ngati mlongo wanu akudziwa kuti nyumba inagwetsedwa. Iye, posadziwa kanthu, anayankha monyadira kuti ndine amene ndinatsitsa chitsulo choyamba pamalopo. Akuti munangoti chabwino, mupatseni izi, aone yekha pozipachika.

Ndinatsegula phukusi lija. Makatani atatu, osokedwa ndi manja anu. Awiri ofanana, limodzi lalifupi la kawindo ka kukhitchini kaja. Zaka khumi ndi ziwiri chichokereni, miyeso ya mawindo athu mukuikumbukirabe osalakwitsa. Ndinalira pageti pomwepo, mlonda mpaka anayang'ana kumbali.

Mwina mukuganiza kuti ndinabisa chifukwa sindinasamale. Ayi. Tsiku limene munkakwatiwa munandipatsa kiyi m'manja, n'kunena kuti bola ine ndili m'nyumbamo, inu muli ndi kwanu kobwerera. Ndinaopa kuti ndikakuuzani kuti nyumba kulibe, simudzakhalanso ndi chifukwa chokwerera basi. Ndinkati ndinena mawa, mawalo mpaka miyezi isanu ndi iwiri. Ndinalakwa, ndipo ndikupepesa.

Pano ndimagona m'chipinda cha kampani, anthu asanu ndi mmodzi, mabedi osanjikiza. Anzangawo ndi anthu abwino, koma palibe amene anawadziwa amayi, palibe amene amadziwa kuti pamene akuika chikepe chachiwiri m'pamene tinkayanika zovala. Ndikawauza amangoti eti, n'kupitiriza kusewera pa foni. Padziko pano amene angakumbukire nane nyumba ija ndinu nokha.

Chipindachi chili ndi kawindo kamodzi. Ndapachikapo katani lalifupi lija, ndipo lakwana ndendende. Anzanga akuti tsopano tikukhala ngati mabwana. Awiri enawo ndawapinda, ali pansi pa pilo pamodzi ndi kiyi uja, amene alibenso chitseko.

Pempho langa ndi ili. Loweruka la kumapeto kwa mwezi uno ndapempha tchuthi, ndipo andilola. Bwerani, achemwali. Ndilibe nyumba yokulandirirani, koma amayi a tiyi aja anasamukira kutsidya kwa msewu ndipo benchi lawo likadalipo. Mudzandikalipire pamenepo mpaka mawu athe, ine ndidzangokhala chete. Mukapanda kubwera ndidzayembekezabe, basi ya m'ma teni ndi ya masana yomwe.

Ambulera musavutike nayo. Ulendo uno sindidzakuyang'anani kuchokera kumwamba, ndidzakhala pansi, pakhomo pa basi.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti kunama sakutha, asiyire ine. Moni kwa ana onse. Mulungu akusungeni ndipo achize bondo lanulo.

Ndine mlongo wanu,
Gologolo